Mbuzi Imene Sinalire

Ndinalowa komiti ya chitetezo chifukwa cha mkazi, osati chifukwa chokonda mtendere. Ndinene zimenezi poyambirira, chifukwa amene ankandidziwa ku Njuli zaka zimenezo akhoza kuseka atamva kuti ine ndinavalapo tisheti yolembedwa mawu a bata. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, tsiku limene aphunzitsi anandimenya ndi rula pa zala chifukwa cha phokoso la munthu wina, ine n'kuwalanda rulayo, kuithyolera pa bondo. Kuyambira pamenepo mbiri yanga inali imodzi basi, yakuti mnyamata uja sachedwa kupsa mtima.

Ndinkagwira ntchito kwa bambo wina wachiyao amene ankazinga mbuzi pamsika. Iwo ankakhala pa nyama, ine ndinali wokagula ndi kunyamula. Ndinkapalasa njinga m'midzi mpaka cha ku Namitambo, dengu lili pa kaliyala, mbuzi ili m'dengumo miyendo yomanga. Amene sananyamulepo mbuzi pa njinga sadziwa kulira kwake. Imalira ngati mwana amene akumubaya jakisoni, kuyambira pochoka mpaka pofika, ndipo agalu a mudzi uliwonse amakuperekeza. Abwana anandiphunzitsa mankhwala ake tsiku loyamba lomwe. Umatenga kamchere, kuipaka pa lilime, kenako kuisiyira chikhatho kuti izinyambita. Imaiwala zolira. Ndiye m'thumba la kabudula wanga simunkasowa kapepala ka mchere, ndipo dzanja linazolowera kupita m'thumbamo lokha.

Mtsikanayo ndinamuona kokagula mbuzi komweko. Malume ake anali ndi khola labwino ndipo ankandigulitsa kawirikawiri. Anali munthu wosachuluka mawu, woti akamakuyang'ana umayamba kukumbukira zolakwa zako zonse. Nditatumiza ankhoswe anga, yankho linabwera lakuti sakukana, koma amva kuti dzanja la mnyamatayo silichedwa kuuluka. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndiye eni mudzi amafuna kudziwa chimene akulowetsa pakhomo. Anati tionane anthu akakolola. Chinandilimbitsa mtima n'chakuti kuyambira tsiku limenelo malumewo anasiya kunditchula kuti iwe. Ndikafika pakhola ankati, "Mwayenda bwanji?" monga mmene munthu amalankhulira ndi mkamwini. Ndinali ndi miyezi isanu yoti ndioneke munthu.

Panali patangopita zaka zochepa chiyambireni zipani zambiri. Anthu ankati ufulu wabwera ndi akuba. Kaya unabwera nawodi, kaya analipo kale, koma mbuzi zinkasowa, njinga zinkasowa, chimanga chinkakololedwa ndi amene sanalime. Wakuba akagwidwa sankafika kupolisi ali wathunthu. Ine ndemwe ndinaponyapo chibakera kangapo pa munthu amene sindinkadziwa ngakhale chimene waba. Kenako boma linayambitsa zakuti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'midzi, ndipo kwathu kunakhazikitsidwa komiti. Nditapita kukalembetsa, wapampando anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe? Ukufuna uziteteza ndani?"

"Lembani dzinalo basi, bambo," ndinatero nditaluma mano.

Ntchito yake yambiri inali kudikira. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira alendo ochokera ku boma amene ati afika naini koloko, iwo n'kufika dzuwa litapendeka, kutiuza zomwe anatiuza mwezi watha, ife n'kuwomba m'manja. Ndinkakhala kutsogolo kuti anthu andione. Wina akandiponda phazi ndinkati palibe kanthu. Amayi anafika pondifunsa ngati ndikudwala.

Chakumapeto kwa dzinja kunabwera uthenga wakuti apolisi ndi a ku ofesi ya boma akonza tsiku la chitetezo pa bwalo la sukulu. Zonse agula ndi iwo, mipira, chikho, matisheti, mawenzulo, ndi njinga imodzi ya komiti. Kudzakhala mpira wa anyamata, wa atsikana, magule, ndi sewero lophunzitsa anthu kuti asamalange okha wakuba. Sewerolo anapatsidwa mphunzitsi wina wachinyamata kuti alikonze, ndipo osewera tinali ife a komiti.

"Ine ndikhala wapolisi," ndinatero tsiku logawa mbali.

"Wapolisi alipo kale," anatero mphunzitsiyo akuloza mwana wa wapampando, mnyamata wamtali wosatha kunyamula ngakhale ndowa ya madzi. "Iwe ukhala wakuba."

"Chifukwa chiyani ine?"

"Ndani wina pano anganyamule mbuzi paphewa n'kuthamanga nayo? Komanso nkhope yakoyo, aise, sitivutika n'kupaka makala."

Onse anaseka. Ndinamva makutu akutentha. Koma mphunzitsiyo anawonjezera kuti wakuba ndi amene adzalankhule mawu omaliza. Akadzamupulumutsa kwa anthu olusa, adzagwada, n'kunena kuti mkwiyo sumanga mudzi, n'kuthokoza komiti. Ndinaganiza za malume aja atakhala pa benchi, akundimva ine ndi pakamwa panga ndikunena kuti mkwiyo sumanga mudzi. Ndinavomera. Ndinachita kukawaitana ndekha.

Nkhani ya sewero inali yosavuta. Mwini mbuzi wagona pa mkeka. Wakuba akubwera monyang'ama, akumasula mbuzi, mbuzi ikulira, mwini wake akudzuka n'kukuwa. Anthu akuthamanga ndi zibonga, wina akuitanitsa parafini, a komiti akuimba mawenzulo n'kuwaletsa, wapolisi akufika. Tinayeserera masabata awiri ndi thumba la madeya m'malo mwa mbuzi, mphunzitsi akulira yekha kuti mee. Mwini mbuzi anali bambo wina wachikulire wa ku tchalitchi kwathu, munthu womvera malangizo kuposa mwana wa sukulu. Poyamba ankadzuka msanga, ine ndisanagwire n'komwe thumba lija, mpaka mphunzitsi anawakalipira.

"Madala, musadzuke mpaka mutamva mbuzi. Ngakhale kugwe mvula, ngakhale kubwere bishopu. Mbuzi yokha."

"Ndamva, aphunzitsi. Mbuzi yokha."

Tsikulo linafika. Anamanga tenti ya alendo, anabweretsa chimkuzamawu cholumikiza ku batire la galimoto, ndipo anthu anadzaza bwalo mpaka ena kukwera m'mitengo. Alendo anachedwa monga mwa nthawi zonse. Atafika, aliyense anayamba ndi kulonjera mnzake ndi maudindo ake onse, ndipo amene anati salankhula zambiri ndi amene anatiwotcha ndi dzuwa. Malume aja ndinawaona, atavala jekete, atakhala pa benchi yachiwiri, chipewa chili pa bondo. Mtsikana uja anabwera ndi anzake ochemerera timu ya kwawo. Mbuzi ya sewero inali yeniyeni tsopano, tonde wofiirira amene abwana anatibwereka, ndipo tinamumangirira pa chikhomo pakati pa bwalo, pafupi ndi mkeka wa madala aja. Madalawo anagona, anadzifunditsa chitenje mpaka kumutu.

Ndinalowa nditavala chikhoti chong'ambika. Ndinayenda chokwawa, kuyang'ana uku ndi uku, ana n'kuyamba kukuwa kuti uyo, uyo. Ndinamva kukoma, ndisaname. Sindinachemereredwepo ndi anthu ochuluka choncho. Ndinafika pa chikhomo, ndinamasula chingwe ndi dzanja limodzi, tonde uja n'kukweza mutu, kutsegula pakamwa kuti ayambe.

Zimene zinachitika apa ndazifotokozera anthu ambiri ndipo palibe amene amamvetsa. Sindinaganize. Dzanja linapita lokha m'thumba, monga linkachitira tsiku lililonse kwa zaka zitatu. Ndisanazindikire, mchere unali pa lilime la mbuzi, chikhatho changa chili pakamwa pake, iyo ikunyambita mwakachetechete. Ndinaiponya paphewa n'kuyamba kuthamanga. Ndinathamanga mpaka pa golo. Nditacheuka, palibe amene ankandithamangitsa. Madala aja anali chigonere. Anthu a zibonga anali chiimire kuseri kwa tenti, kudikira mkuwo. Wapolisi wathu ankakonza lamba.

Ndinabwerera pakati pa bwalo ndi mbuzi yanga. Ndinaitsina khutu, iyo n'kungondinyambita khosi. Ndinazungulira mkeka uja kawiri. Ndinanong'ona kuti, "Madala, dzukani, ndaba kale." Pansi pa chitenje panachokera mawu akuti, "Sinalire." Anthu oyandikira anamva, kuseka kunayambira pamenepo n'kuyenda bwalo lonse. Mphunzitsi ankagwedeza manja ngati akuthamangitsa njuchi. Ndinasowa chochita. Ndinaimirira pamutu pa madalawo, mbuzi ili paphewa, ndinatsegula pakamwa n'kulira ndekha kuti meee.

Bwalo linaphulika. Amayi ena anagwa pa benchi. Ngakhale alendo a m'tenti ankapukuta misozi. Zotsalazo zinayenda mmene tinakonzera, anandigwira, anandiopseza ndi parafini, mawenzulo analira, ndinagwada. Koma mawu anga aja akuti mkwiyo sumanga mudzi palibe anawamva, chifukwa nditangotsegula pakamwa ana onse anayankha kuti meee.

Mkulu wa apolisi amene anabwera tsikulo anali munthu wanthabwala. Ataimirira kudzapereka mphatso anati, "Mwaona mmene anzathuwa amachitira? Mchere! Ngakhale ife taphunzirapo kanthu lero." Anandiitana, anandigwira chanza, anandipatsa tisheti yanga, n'kunena pa chimkuzamawu pomwepo kuti, "Koma iwe mnyamata, tizikuyang'anitsitsa." Anthu anasekanso. Iye ankangocheza, ndikudziwa. Ndinayang'ana pa benchi yachiwiri. Malume aja sankaseka. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti m'dzinja lomwelo anawabera mbuzi ziwiri, ndipo anandiuza okha kuti chowadabwitsa n'chakuti sanamve kalikonse.

Lolemba lake ndinapita kokagula mbuzi. Pakhomo loyamba, pamene kale ndinkalowa m'khola ndekha kukasankha, mayi wa pamenepo anandiimitsa pa mpanda.

"Imani pomwepo, achimwene, tikutulutsirani tokha."

Ana ankanditsatira m'njira akulira ngati mbuzi. Ku golosale, amayi atandituma mchere wa pakhomo, mwini golosale anatulutsa mutu pa windo n'kukuwa kuti, "Tsekani makola uko, agulanso wina!" Anthu a pa bawo anaseka mpaka kumwaza nkhomo. Ndinaseka nawo. Masabata atatu athunthu ndinaseka nawo, nsagwada zikuwawa. Sindinadziwe kuti kusamenya munthu kumatopetsa kuposa kupalasa njinga ndi mbuzi ziwiri pa chitunda.

Kenako mbuzi inasowa m'mudzi woyandikana nafe. Masana ake, ndikudya, ndinaona anthu anayi akulowa pabwalo pa amayi. Anali anzanga a komiti, atavala matisheti ofanana ndi yanga, mawenzulo ali m'khosi. Patsogolo panali mwana wa wapampando uja. Chiyambire sewero lija ankayenda ngati wapolisi weniweni.

"Tangobwera kudzafunsa, amwene. Ntchito basi, mukudziwa."

"Kufunsa chiyani?"

"Ngati mwamvako kalikonse. Inuyo paja mumadziwa njira zake."

Akulankhula choncho, mnzake anali atazungulira kale kuseri, akusuzumira m'khitchini mwa amayi, kutukula madengu. Amayi anangoima ndi chipande m'manja. Ndinayika mbale pansi bwinobwino. Ndinasamba m'manja. Kenako ndinamumenya mwana wa wapampando kamodzi kokha, pakamwa, mpaka anakhala pansi. Tsiku lotsatira anandichotsa m'komiti. Mbuzi ija inapezeka patapita masiku awiri, itakodwa ndi chingwe chake m'munda wa nandolo, koma palibe anabwera kudzandiuza. Ndinamva kwa ana.

Mphunzitsi uja anabwera kudzandipempha kuti ndikasewerenso, akuti a ku boma akonda kwambiri ndipo akufuna sewero lomwelo likaonetsedwe m'madera ena. Ndinamuuza kuti achoke ndisanaimirire. Anapeza mnyamata wina. Ndinamva kuti mchere uja anaulowetsa m'sewero, pamodzi ndi kulira kuja, ndipo kulikonse kumene ankapita anthu ankati, zija za mnyamata wa ku Njuli zija.

Anthu atayamba kukolola, sindinathe kudikira ankhoswe. Ndinapita ndekha, ngati wokagula mbuzi. Ndinawapeza malume aja akukonza khola, akulowetsa mitengo yatsopano m'mipata. Ndinatsika njinga patali, ndinavula chipewa, ndinakhala pansi.

"Wabwera," anatero osacheuka. "Uli bwanji?"

Sanati mwabwera. Ndinaimva nkhani yonse m'mawu amenewo, koma ndinalankhulabe. Ndinafotokoza za abwana, za dengu, za agalu a m'njira. Ndinati akafunse aliyense wonyamula mbuzi, mchere si chinsinsi. Ndinati za mwana wa wapampando ndalakwa, koma analowa m'khitchini mwa amayi.

"Zimenezo ndamva," anatero. "Ndikanakhala ine ndikanamumenya kawiri."

Ndinakweza mutu.

"Sindinanene kuti ndiwe wakuba. Mbuzi zanga sunabe ndiwe, ndikudziwa. Wakuba sangabwere kudzandiitana kuti ndikaonerere mmene amabera." Anamanga luzi, analikoka ndi mano. "Koma tamvera. Ukakwatira kuno udzamanga nyumba apo, kuseri kwa nthochizo. Udzakhala mlendo. M'mudzi muno mbuzi zimasowa chaka chilichonse, ndipo zizisowabe. Ikadzasowa imodzi, anthu adzayamba kuyang'ana nyumba ya ndani?"

Ndinayang'ana kuseri kwa nthochi kuja.

"Adzabwera ndi mawenzulo awo. Iwe udzamenya wina. Kuno si kwanu, palibe adzakuikire kumbuyo. Ndipo masiku ano anthu akagwira munthu sayamba ndi kufunsa. Ine ndidzamuuza chiyani mlongo wanga, mwana wake akadzakhala wamasiye chifukwa cha sewero?"

"Anthu adzaiwala, bambo."

"Sewero lija dzana linali konkuno, pa sukulu apo. Ana a m'mudzi muno akulira ngati mbuzi mpaka lero. Tidikire chaka china, tione."

Anandigulitsa mbuzi tsikulo, mwina pofuna kuti ndisabwerere chimanjamanja. Anandilola kulowa m'khola kukasankha ndekha. Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandithamangitsa.

Mtsikana uja ndinakumana naye panjira ya ku mjigo, atasenza ndowa. Anaitula pansi, anayang'ana ngati kukubwera anthu.

"Koma inu," anatero, "bwanji simunangoitsina kuti ilire?"

"Ndinaitsina."

Anaseka, anagwira pakamwa, kenako kuseka kunatha kokha.

"Amalume akuti tidikire."

"Ndamva. Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Ine ndinene chiyani? Munda ndi wa amayi. Malo omanga nyumba ndi a amalume."

"Tiye ku Limbe. Kumeneko palibe amandidziwa. Ndikapeza ganyu."

Anayang'ana ndowa yake nthawi yayitali. Anati amayi ake miyendo inatupa, iye ndi amene amatunga madzi, amene amalima, azing'ono ake akadali ku sukulu. Sananame, ndinkadziwa zonsezo. Ndinamuthandiza kusenza ndowa ija. Mbuzi inalira njira yonse mpaka ku Njuli, ndipo ndinaileka ilire.

Chaka chotsatira ndinatumizanso ankhoswe. Anabwerako ndi mawu omwewo, akuti tidikire, nkhani ija sinazizire. Sewero linali likuyendabe, tsiku la chitetezo linali litasanduka la chaka ndi chaka, matisheti akusintha mtundu. Ulendo wachitatu ankhoswe anga anakana. Anati, "Mphwanga, miyendo yanga yatopa, ndipo anthu aja akutipatsa ulemu posatiuza mawu enieni. Tiyeni tiwapatsenso ulemu."

Mtsikana uja anakwatiwa chilimwe chomwecho ndi kalipentala wina wa cha ku Nguludi. Ndinamva pamsika, kwa mayi wina wogula nyama amene sankadziwa kuti akuuza ndani. Abwana anandiyang'ana, anandilanda mpeni m'manja mwakachetechete, anati ndipite kunyumba ndikapume. Iwo ankaopa kuti ndiphwanya kanthu. Inenso ndinkaganiza choncho. Ndinayenda njira yonse ndikufunafuna woti ndimupsere mtima, mphunzitsi uja, madala a pa mkeka, mkulu wa apolisi, malume aja, kalipentala amene sindinamuonepo. Aliyense ndikamuika patsogolo panga ndinkapeza kuti sanalakwe kwenikweni. Nditafika kunyumba ndinangokhala pakhonde. Amayi anandifunsa ngati ndidye, ndinati ndidya.